Chichewa cha pa Wayilesi pa Nkhani za Nyengo ndi Umoyo

Mawu otsogolera

Wowerenga nyuzipepala akakumana ndi mawu omuzunguza amabwerera m'mbuyo, nawerenganso chiganizo chonse, mwinanso kufunsa mnzake. Womvera wayilesi alibe mwayi wotere, pakuti mawu amamveka kamodzi ndipo akadutsa adutsa. Pa chifukwa ichi, mawu amene muulutsi wasankha polengeza za mvula, za mliri kapena za thandizo la boma ayenera kumveka nthawi yomweyo, ndiponso m'tanthauzo limodzi lokha. Kalembera wa 2018 adasonyeza kuti anthu oposa 80 mwa 100 alionse m'Malawi amakhala kumidzi, ndipo kwa ambiri a iwo chenjezo la ngozi limafika kudzera m'khutu.

Wayilesi ya MBC idakhazikitsidwa mu 1964. Kuchokera mu 1968 mpaka 1994 inkaulutsa m'Chichewa ndi m'Chingerezi basi. Pambuyo pake ziyankhulo zina zidapatsidwa malo, ndipo wayilesi za m'madera zidayamba kutsegulidwa, monga Dzimwe ku Mangochi mu 1998, kenaka zina ku Nkhotakota, Mzimba, Mchinji, Nsanje ndi maboma ena. Motero nkhani za nyengo, za umoyo ndi za chitukuko cha m'midzi tsopano zimamasuliridwa m'zipinda zambiri zolembera nkhani, mofulumira, ndipo chipinda chilichonse chimadzisankhira mawu ake.

Nkhani ino ikuunika Chichewa chimenechi. Mfundo yake ndi yakuti vuto lalikulu si kuchepa kwa mawu, monga ambiri amanenera. Vuto ndi lakuti mayina owerengeka asenzetsedwa matanthauzo ambiri pofuna kufanana ndi Chingerezi cha akatswiri, pamene mawu ena olunjika, amene anthu ali nawo kale, angosiyidwa.

1. Namondwe ndi napolo

Dzina lakuti namondwe si lachilendo. Asodzi ndi owerenga Baibulo adalidziwa kale kuti ndi mphepo yamkuntho yodza ndi mvula, yochititsa nyanja kuwinduka ndi kumiza ngalawa. Pamene mphepo zozungulira zochokera ku nyanja yamchere ya India zidafika motsatizana, Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, wayilesi zidatenga dzinali n'kulifutukula tanthauzo. Adachita bwino aulutsi posabwereka mawu a Chingerezi, chifukwa dzinali ndi lalifupi, losavuta kutchula ndiponso lochititsa mantha oyenera.

Komabe m'khutu la womvera, namondwe kwenikweni ndi mphepo. Munthu akamva kuti kukubwera namondwe amaganiza zotsindira denga ndi miyala, kutseka mazenera ndi kukhala m'nyumba. Koma dziko la Malawi lili kutali ndi gombe la nyanja yamchere. Namondwe akatera pamtunda ku Mozambique, mphepo yake imayamba kufooka, ndipo chimene chimafika kuno ndi mphamvu zonse ndi mvula. Ana sadafike n'komwe pa liwiro la makilomita 118 pa ola limene akatswiri a m'chigawo chino amayambira kuwerengera namondwe wathunthu, koma madzi ake adamiza midzi ku Chikwawa ndi Nsanje ndi kuononga malo opangira magetsi a Kapichira. Freddy adatera kachiwiri pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023, ndipo mvula yake idagwa masiku angapo osalekeza m'chigawo cha kummwera. Anthu oposa 1,000 adafa, oposa 600,000 adasowa pokhala. Ambiri mwa amene adafa ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe adakwiriridwa kapena kukokoloka ndi matope ndi miyala zotsika m'mapiri.

Kunena zoona, machenjezo a nthambi yoona za nyengo adaperekedwa kusadachitike ngoziyi, ndipo adatchula mvula yamphamvu ndi kusefukira kwa madzi. Imfa zimenezi zidadza ndi zifukwa zambiri zimene si za chiyankhulo: kuchuluka kwa mvulayo, kutha kwa mitengo m'mapiri, ndi umphawi umene umakankhira mabanja kukamanga potsetsereka. Ngakhale zili choncho, mawu amene akhala akumveka pa nthawi zotere ndi oyenera kuwaunika. Kusefukira ndi zimene umachita mtsinje ukadzadza, kotero amene amachita mantha ndi mawuwa ndi wa kuchigwa. Langizo lozolowereka lakuti anthu asamukire kumalo okwera nalonso limayankhula kwa wa kuchigwa yemweyo. Munthu wokhala m'mbali mwa phiri la Soche akamva langizoli amadziona kuti ali kale pamalo okwera, ndipo nkhaniyo si yake.

Chichewa chili ndi dzina la ngozi imene idamugwera munthu ameneyu: napolo. Anthu a ku Zomba adalitchula phiri lawo litagumuka mu Disembala 1946, ndipo a ku Phalombe adalitchulanso mu Malichi 1991. Wa m'mbali mwa phiri akamva kuti kuli chiopsezo cha napolo safuna womumasulira. Amadziwa kuti choopsa chichokera kumtunda, kuti chidzera m'makhwawa, ndiponso kuti nyumba si pobisala.

Alipo akonzi amene amakana dzinali ponena kuti lidachokera ku chikhulupiriro cha chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chimagumula nthaka chikamasamukira kunyanja. Amati wayilesi iyenera kuphunzitsa sayansi, osati nthano. Nkhawa yawo ndi yomveka, koma chiyambi cha dzina sichimanga tanthauzo lake mpaka muyaya. Dzina la Chingerezi lakuti "malaria" lidachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa, chifukwa kale anthu ankakhulupirira kuti nthendayi imadza ndi mpweya wa m'madambo, koma madokotala sadalitaye atadziwa za udzudzu. M'Chichewa momwemu, katemera adachokera ku kutemera mphini kwa asing'anga, ndipo lero ndi dzina la kuchipatala. Muulutsi angathe kutchula napolo, n'kufotokoza m'chiganizo chotsatira kuti nthaka ya potsetsereka ikakhuta madzi imasiyana ndi thanthwe n'kutsika pamodzi ndi miyala. Dzinalo ligwira khutu, kufotokozako kuphunzitsa.

Choyenera tsono ndi kugawa ntchito pakati pa mayina amene alipo kale. Namondwe akhale dzina la chinthu chonsecho. Mkuntho ukhale mphepo yosasula madenga. Kusefukira kwa madzi kukhale kwa mitsinje ndi zigwa. Napolo akhale wa m'mapiri. Chenjezo lililonse litchule kuti mwa zitatu zomalizazi, chimene chikuyembekezeka m'dera lakutilakuti ndi chiti.

2. Nyengo

Palibe dzina lina limene lasenza katundu wolemera ngati lakuti nyengo. Limatanthauza nthawi, monga ponena kuti nyengo ya makolo. Limatanthauza zigawo za chaka: dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe. Limatanthauza momwe kunja kwachera lero. Tsopano likutanthauzanso chikhalidwe cha mvula, mphepo ndi kutentha kwa dera pa zaka zambiri, chimene akatswiri amachiyeza potenga zaka 30. Chingerezi chili ndi mayina osiyana pa zonsezi.

Zotsatira zake n'zakuti kapandamneni wakuti kusintha kwa nyengo ali ndi matanthauzo awiri otsutsana. Kwa mlimi, nyengo imasintha chaka chilichonse dzinja likamalowa m'masika, ndipo palibe chodabwitsa. Kwa katswiri, mawuwa akunena za kutentha kwa dziko lonse lapansi kumene kwasokoneza dongosolo lomwelo la dzinja ndi masika. Mawuwa adakhazikika kale, mpaka ali m'dzina la nthambi ya boma, kotero kuwazula n'kosatheka. Chotheka ndi kuwaperekeza. Powatchula koyamba m'pulogalamu, muulutsi anene kuti akukamba za kusokonekera kwa chikhalidwe cha nyengo kumene kukuoneka pa zaka zambiri, osati za mvula ya chaka chimodzi.

Kusasamala pa mfundoyi kwabala zolakwika ziwiri zimene zimamveka kawirikawiri. Choyamba ndi kuika vuto lililonse pa kusintha kwa nyengo. Mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti m'maboma 23 mwa 28 mwagwa ngozi chifukwa cha ng'amba yodza ndi El Niño. El Niño ndi kutentha kwa madzi a chigawo chapakati ndi cha kummawa kwa nyanja ya Pacific, kumene kumabwera pakatha zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kudadziwika kalekale. Kutentha kwa dziko kungakulitse ululu wake, koma ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mlimi akadziwa kusiyanaku amamvetsa kuti chaka cha El Niño chimalosereka, ndipo angakonzekere mbewu zocha msanga kapena zopirira ku chilala. Pa matchulidwe, chilembo cha ñ chimamveka ngati ny wa m'mawu akuti nyama, ndipo mkonzi ayenera kumulembera zimenezi wowerenga nkhani.

Cholakwika chachiwiri chili pa mawu akuti mpweya woipa, amene amagwiritsidwa ntchito potchula mpweya umene ukutenthetsa dziko. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku, mpweya woipa ndi wonunkha kapena wotsamwitsa. Mpweya wa kaboni sununkha, suoneka, ndipo ndi umene zomera zimagwiritsa ntchito popanga chakudya. Choipa ndi kuchuluka kwake. Dzinali likasokonekera, gwero la vuto limasokonekeranso, mpaka womvera amatsala ndi maganizo akuti nyengo ya dziko lapansi yasintha chifukwa cha mayi wotola nkhuni. Gwero lalikulu ndi kutentha malasha, mafuta ndi gasi m'mayiko olemera ndi a mafakitale ambiri, ndipo gawo la Malawi pa mpweyawu ndi laling'ono kwambiri. Kudula mitengo kuli ndi mlandu wake waukulu pano pomwe: kukokoloka kwa nthaka, kukwiririka kwa mitsinje ndi kukula kwa napolo. Wayilesi ikalekanitsa milandu iwiriyi imakhala itanena zoona, ndipo langizo losamala nkhalango limakhala ndi chifukwa chimene munthu angachione ndi maso.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pa nkhani ya mvula ndi mphepo Chichewa ndi cholemera. Chili ndi chizimalupsa, mvula yoyamba imene mlimi wanzeru sabzalira. Chili ndi mvumbi, matalala ndi chiperoni, chimene dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chimasiyanitsa ng'amba, imene ndi kuduka kwa mvula pakati pa dzinja, ndi chilala, chimene ndi kusowa kwa mvula kwa nthawi yaitali. Pa nyanja pali mwera, mpoto ndi vuma. Wayilesi zimachita bwino zikamachenjeza asodzi za mwera, ndipo palibe msodzi amene amafunsa tanthauzo. Zimene zatheka pa mwera zingathekenso pa mawu enawa.

3. Malungo, kachirombo ndi katemera

Pa nkhani za umoyo vuto ndi lomweli. M'kayankhulidwe ka anthu ambiri, malungo ndi kutentha thupi kulikonse kodza ndi kuphwanya m'mfundo. Kuchipatala, malungo ndi nthenda imodzi yokha, yoyamba ndi tizirombo tofalitsidwa ndi udzudzu, imene imatsimikizika poyeza magazi. Mu Epulo 2019 dziko la Malawi lidakhala loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, mu ndondomeko yoyesera imene munalinso Ghana ndi Kenya. Mayi amene kwa iye malungo ndi kutentha thupi kulikonse angayembekezere kuti mwana wobayitsa katemerayu sadzatenthanso thupi. Mwanayo akadwala chibayo, mayiyo anganene kuti katemera ndi wabodza, kapena angamupatse mankhwala a malungo n'kuchedwa kupita naye kuchipatala. Wayilesi iyenera kusunga dzina lakuti malungo pa nthenda ya udzudzu yokha, ndi kunena kuti kutentha thupi pamene ikukamba za chizindikiro. Iyeneranso kukumbutsa kuti katemerayu amachepetsa chiopsezo koma salowa m'malo mwa neti.

Dzina lakuti kachirombo lili ndi mbiri yake. Kwa zaka zambiri lakhala likuyenda ndi Edzi, kotero kuti kunena kuti uje ali ndi kachirombo kumamveka m'njira imodzi yokha. Matenda a COVID-19 atafika mu Epulo 2020, chiganizo chakuti anthu apezeka ndi kachirombo chidayamba kumveka tsiku ndi tsiku, chitanyamula manyazi ndi mantha a nthenda ina. Apa lamulo ndi lapafupi: dzinali lisamayende lokha, koma litchulidwe ndi nthenda yake nthawi zonse. Palinso chifukwa china chosamalira. Kachirombo ka chimfine ndi vayirasi, pamene ka kolera ndi bakiteriya. Mankhwala opha mabakiteriya sagwira ntchito pa vayirasi, ndipo kuwamwa mwachisawawa kumachititsa kuti tizirombo tiwazolowere. Pamene kusiyanaku kukukhudza mankhwala, kubwereka mayina awiriwa n'koyenera.

Mliri wa kolera umene udayamba ku Machinga mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700, ndipo udaposa miliri yonse ya kolera imene idalembedwapo m'dziko muno. Pa mliriwu padaoneka chitsanzo cha kumasulira kwabwino. Katemera wa kolera sabaya, ndipo dzina lakuti katemera limakumbutsa kubaya kapena kucheka. Aulutsi amene ankanena kuti katemera wakumwa adachotsa mantha ndi mfotokozi mmodzi yekha. Chimodzimodzi mawu akuti kutha madzi m'thupi amanena chenicheni chimene chimapha wodwala kolera, nthawi zina m'maola ochepa, ndipo amamveketsa chifukwa chake wodwala ayenera kumwa thanzi ali pa ulendo wa kuchipatala. Pa kalembedwe, kolera ndi kachirombo zikutsata lamulo lodziwika lakuti r amalembedwa patsogolo pa e ndi i, pamene l amalembedwa patsogolo pa a, o ndi u. Akonzi asalole kuti dzina limodzi lilembedwe m'njira zitatu pa tsamba limodzi.

4. Chiganizo chopanda mwini ndi nambala yopanda chithunzi

Kupatula mayina, kamangidwe ka ziganizo nakonso kali ndi chilema. Zikalata za m'maofesi zimalembedwa m'Chingerezi chokonda kubisa wochita, ndipo womasulira wothamanga amangotsata. Motero msintho wochitidwa wachuluka pa wayilesi: anthu akulangizidwa, thandizo laperekedwa, mabanja akhudzidwa. Akulangizidwa ndi yani? Laperekedwa kwa yani, kumudzi kwa yani, matumba angati? Mneni wakuti kukhudzidwa wafika pophimba amene wafedwa, amene nyumba yagwa ndi amene munda wakokoloka, ngati kuti onsewa akufuna thandizo lofanana. Pa nkhani za m'midzi, kubisa wochita kumateteza wa udindo, chifukwa anthu sadziwa woti akamufunse. Chichewa cha pabwalo la mfumu sichitero: chimatchula amene wanena, amene wapereka ndi amene walandira.

Manambala nawo amawerengedwa opanda chithunzi. Kunena kuti kugwa mvula ya mamilimita 100 pa tsiku sikuuza kanthu munthu amene sadaonepo choyezera mvula. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa kamalo ka mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Choncho mamilimita 100 ndi ndowa zisanu za malita 20 zokhuthulidwa pa kamalo kosakwana mphasa, ndipo izi zikuchitika pabwalo ponse, padenga ponse ndi paphiri ponse. Kufotokoza kotere kumatenga mphindi yosakwana imodzi, ndipo womvera sakuiwala.

5. Zoyenera kuchita

Umboni wakuti Chichewa chingathe kusenza nkhani zatsopano ulipo wokwanira. Kulera, uchembere wabwino, mphamvu ku anthu ndi Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene idayambira ku Mchinji mu 2006, ndi mawu amene adalowa m'kamwa mwa anthu popanda kuwakakamiza. Onsewa ali ndi khalidwe limodzi: adapangidwa poyang'ana chimene chinthucho chimachita pa moyo wa munthu, osati poyang'ana maonekedwe a mawu a Chingerezi.

Bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidasiya malamulo a kalembedwe amene adakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Likulu loona za ziyankhulo la Centre for Language Studies, limene lidalowa m'malo mwake mu 1996, lidatulutsa mtanthauziramawu. Koma mtolankhani amene walandira chenjezo kutatsala mphindi khumi kuti nkhani ziulutsidwe sangatsegule buku lalikulu. Iye akufunika mndandanda waufupi, wa tsamba limodzi kapena awiri, wa mawu a nyengo ndi umoyo amene akatswiri a zanyengo, a zaumoyo, a chiyankhulo ndi akonzi a wayilesi agwirizana. Dzina lililonse likhale ndi tanthauzo limodzi ndi chiganizo chachitsanzo.

Mndandanda wotere usasanduke chikwapu chokwapulira wayilesi za m'madera. Ku Nsanje ndi Chikwawa kumayankhulidwa Chisena ndi Chimang'anja, ku Mangochi ndi Machinga kuli Chiyao, ku Mulanje ndi Phalombe kuli mawu a Chilomwe amene adalowerera m'Chichewa cha kumeneko. Mphamvu ya wayilesi ya m'dera ili pa kuyankhula monga eni dera. Chofunika kufanana m'dziko lonse ndi kugawa kwa matanthauzo, kuti mphepo, madzi a mtsinje ndi kugumuka kwa phiri zisatchulidwe ndi dzina limodzi. Dzina lenilenilo dera lililonse lingasankhe lake, ndipo ofufuza mawu ayenera kupita kukawatola kwa asodzi, alimi ndi azamba m'malo mowapeka mu ofesi.

Aphunzitsi a Chichewa ndi a utolankhani ali ndi gawo lawo. Ophunzira apatsidwe chenjezo lenileni la nyengo kapena chikalata cha zaumoyo kuti achimasulire, kenaka akachiwerengere kamodzi kokha munthu amene sadapite patali ndi sukulu, n'kumufunsa kuti achita chiyani atamva zimenezi. Ngati yankho lake likusiyana ndi zimene katswiri amafuna, kumasulirako kwalephera, ngakhale galamala yake ikhale yosalala chotani.

Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Makhwawa a Soche, Michesi ndi Zomba akadali pomwepo, ndipo anthu akukhalabe m'mbali mwake. Ulosi wa mvula ya chaka umalengezedwa dzinja lisadayambe, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yoti akonzi a wayilesi akhale atagwirizana kale mawu amene adzanene usiku umene phiri lidzakhute madzi.